Kiyi wa kabati ndinkagona naye

Amayi sanali munthu wolira. Anabereka ana asanu ndi mmodzi, awiri oyambafe m'nyumba momwemo ndi azamba, ndipo anzawo a m'mudzi amati palibe anamvapo liwu lawo. Ndiye usiku womwe ndinawapeza ataluma nsonga ya chitenje, misozi ikutsikira m'makutu, ndinadziwa kuti zafika pena. Munali mu Ogasiti 2019. Kuchipatala anali atatiuza kale kuti ndi khansa ya khomo la chiberekero, komanso kuti tinachedwa nayo. Mawu akuti "munachedwa" amayi ambiri kuno awamva, pakuti dziko lathu lili m'gulu la mayiko omwe khansa imeneyi ikupha amayi kwambiri padziko lonse.

Za pagolosale tinali titayesa zonse. Panado, bufeni, indosidi, mpaka m'mimba munayamba kuwatentha. Kuchipatala anawonjezerapo tramadol, amene anagwira milungu itatu kenako n'kuyamba kuchepa mphamvu. Apo ndi pamene anatilozera kakhomo kakumapeto kwa khonde, komwe aliyense amangoti ku palliative. Ine ndinali ndisanamvepo kuti kuli chipinda chomwe ntchito yake si kuchiza matenda ayi, koma kuchotsa ululu ndi kusamalira munthu amene matenda ake sadzachira.

Anesi a m'menemo anali mayi wachikulire wolankhula mosathamanga. Anakoka mpando n'kukhala moyandikana ndi amayi, mawondo kukhudzana, natambasula dzanja.

"Amayi, chibakera ndiye kuti simukumva kuwawa. Zala zisanu ndiye kuti kuwawa kwafika poti simungapirire. Lero zala zingati?"

Amayi anaimika zala zisanu. Anayang'ana dzanja linalo n'kulikwezanso. Anesi aja sanaseke.

Tinatuluka ndi botolo lapulasitiki la morphine wamadzi, sirinji yopanda singano yoyezera, ndi timapiritsi tachikasu ta bisacodyl toti asadzimbidwe. Pabotolo analemba kuti m'mamililita 5 aliwonse muli mamiligalamu 5 a mankhwala. M'kabuku ka kuchipatala anesi anajambula nthawi: 6 koloko m'mawa, 10 koloko, 2 koloko masana, 6 koloko madzulo, ndipo 10 koloko usiku mlingo uwirikize kuti agone mpaka kucha. Anabwereza kawiri kuti ndisadikire kuti ululu uyambe. Ndinavomera kuti ndamva. Koma mtima wanga unali utayamba kale kugunda pomwe ndinawerenga dzina la pabotolo paja.

Chifukwa chake ndi mlongo wanga, mzime wa amayi. Anapita ku Joni mu 2014 n'kupeza ganyu yotsuka magalimoto ku Pretoria. Zaka ziwiri zoyamba ankatumiza mabulangete, kandalama, mpaka foni ya amayi. Kenako zii. Mnyamata wina wa m'mudzi mwathu amene ankakhala naye ndi amene anandiimbira, nati, "Achemwali, mlongo wanu wayamba nyaope." Nyaope ndi heroin wosakaniza ndi chamba ndi zinyalala zina, amene anyamata kumeneko amapichira n'kumasuta ngati chingambwe. Ambiri amayamba akuganiza kuti ndi chamba champhamvu chabe. Usiku umenewo ndinakhala pafoni mpaka bandulo kutha, ndipo ndinaphunzira kuti heroin amapangidwa kuchokera ku morphine, kuti onsewa gwero lawo ndi utomoni wa duwa limodzi lotchedwa poppy, komanso kuti kampani ya Bayer ya ku Germany mu 1898 inkagulitsa heroin poyera ngati mankhwala a chifuwa. Ndiye taganizani. Chinthu chomwe chandilanda mlongo, lero ndachinyamula m'chikwama, ndipo akuti ndiziwamwetsa amayi kasanu patsiku.

Azakhali nawo sanandithandize. Atangoona botolo anandikokera kuseri kwa nkhokwe. "Mwana iwe, amenewa ndi omalizitsira. Akakupatsani amenewa ndiye kuti akutayani. Uja wa kutsidya anangomwa masiku atatu." Ndinafuna kutsutsa, koma munthu amene ankanenayo ndinkamudziwa, ndipo zinalidi zoona kuti anamwa masiku atatu.

Zomwe ndinachita ndizinena mosabisa. Sindinatsatire nthawi zija. Ndinkadikira mpaka ndimve amayi akubuula, ndipo ndikawapatsa ndinkayeza theka. Wausiku uja sindinawirikizepo ngakhale tsiku limodzi. Ndinkadziuza kuti ndikuwateteza. Iwonso sankapempha, poopa kundivutitsa, ankangotembenukira kukhoma. Zinatero masiku 16. Ndine mphunzitsi, ndimauza ana tsiku lililonse kuti safunsa anadya phula, koma nambala ya foni ya anesi inali m'kabuku momwemo ndipo sindinaiyimbe.

Tsiku lobwerera ku sikelo yawo anatiuza kuti tibwere ndi botolo. Anesi analinyamula n'kuliyang'anitsa pawindo. Analiika patebulo. Anafunsa amayi zala, amayi n'kuimika zinayi. Kenako anapempha amayi kuti akayembekeze pabenchi panja, natseka chitseko.

"Achemwali, botolo ili limayenera kukhala litatha kale. Ndiuzeni chomwe mukuopa."

Ndinali nditakonzeka kukalipiridwa, osati kufunsidwa. Ndinalira, n'kufotokoza za mlongo wanga ndi za azakhali. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Zomwe anandiuza ndizilemba m'mawu anga, chifukwa ndakhala ndikuzibwereza kwa anthu ambiri chichokereni tsiku limenelo.

Morphine wamadzi amagwira pafupifupi maola anayi. Ndiye chifukwa chake amamwedwa motsata wotchi. Ululu wa khansa suchoka, umangogonekedwa, ndipo ukaulola kudzuka umafuna mankhwala ochuluka kuti ugonenso, pomwe wodwalayo amakhala maola onse ali tcheru, kudikira kuti ubwera liti. Mantha amenewo amawonjezera kuwawa. Anandifunsa ngati ndinazimitsapo moto wa lupsa, ndipo ngati ndimadikira kuti ufike kaye pa udzu wautali.

Za chizolowezi anati anthu timasakaniza zinthu ziwiri. Thupi la munthu aliyense amene wamwa mankhwala a gulu limeneli kwa milungu ingapo limawazolowera, kotero ukawasiya mwadzidzidzi umadwala: thukuta, kutsegula m'mimba, kuphwanya thupi. N'chifukwa chake akafuna kumusiyitsa munthu amachepetsa pang'onopang'ono. Koma chibaba ndi china. Chibaba ndi pamene mankhwala alanda maganizo a munthu, akuwafuna ngakhale palibe chikumuwawa, akugulitsa nsapato, akunama, akuona kuti akuwonongeka koma osatha kuleka. Wodwala khansa amene akumwa mlingo woyezedwa, pakamwa, panthawi yake, poyang'aniridwa, kawirikawiri safika kumeneko. Ndipo mlingo ukamakwera, nthawi zambiri ndi chotupa chomwe chikukula.

Nanga uja wa kutsidya? Anesi anapukusa mutu. Anati vuto ndi lakuti anthu ambiri amafika kwa iwo kutatsala masiku atatu omwewo. Abale amazengereza, achipatala ena nawonso amaopa kulemba mankhwalawa, ndiye munthu amalandira morphine ali kale pakhomo la imfa. Akamwalira, mudzi umaloza botolo.

Kuyambira madzulo amenewo ndinatchera alamu pafoni. Masiku atatu oyamba amayi ankangoodzera, nseru inawavuta pang'ono, ndipo mtima wanga unabwereranso kwa azakhali. Nthawi ino ndinaimba. Anandiuza kuti zimenezo zimatha zokha, koma ndikaona kuti sakudzuka ndikamawagwedeza kapena akupuma mwapatalipatali ndithamange nawo. Tsiku lachinayi ndinadzuka n'kupeza pamphasa palibe munthu. Anali pakhonde, lichero pamiyendo, akusenda mtedza. Anandiyang'ana nati, "Iwe, phala lija ukuliphika lamadzimadzi. Ndine khanda ine?" Ndinalowa m'nyumba n'kukalirira kuchipinda.

Chomwe sichinathe ndi kudzimbidwa. Pamenepo thupi silizolowera, ndipo tsiku lomwe ndaiwala timapiritsi tachikasu tija tinkalipira masiku atatu. Mapapaya a pakhomo anatha, mpaka tinayamba kupempha kwa aneba. Kamodzinso tinapita kukatenga botolo lina n'kupeza mankhwala atha, tinabwerera ndi kabaza chimanjamanja, ndipo masiku awiri amenewo sindifuna kuwakumbukira. Koma miyezi isanu ndi iwiri yotsatira amayi anakhala munthu. Anapita ku Mvano kawiri atavala yunifolomu yawo. Anagawa minda pamaso pa amfumu, mwini wake akulankhula, zomwe zatipulumutsa ku milandu yomwe mabanja ena akukangana mpaka lero. Anaphunzitsa mwana wanga wamkazi kuphika thobwa. Zala zinkakhala chimodzi, nthawi zina ziwiri, ndipo zikafika zitatu anesi ankakweza mlingo.

Pambuyo pake ndi pamene ndinadziwa kuti nthawi zojambulidwa m'kabuku zija zili ndi mbiri yake. Mayi wina wa ku England, Cicely Saunders, amene anatsegula St Christopher's Hospice ku London mu 1967, ndiye analimbikira kuti odwala otere azipatsidwa mankhwala ululu usanabwerere. Mu 1986 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa ndondomeko ya makwerero atatu: poyamba mankhwala ngati panado ndi bufeni, akalephera codeine ndi anzake, akalepheranso morphine. Tinakwera makwerero amenewo osadziwa. Botolo lamadzi lija nalo linafalikira kuchokera ku Uganda, komwe Dr Anne Merriman anayambitsa Hospice Africa Uganda mu 1993, n'kuonetsa kuti ufa wa morphine wosungunula m'madzi ndi wotsika mtengo kwambiri ndipo wodwala angathe kumwera kunyumba. Kuno kwathu ntchito yotere ikuchitika m'malo ngati Tiyanjane ku Queens ndi Ndi Moyo ku Salima, yomwe anayambitsa mayi Lucy Finch.

Apa ndipatuke pang'ono, chifukwa pali chinthu chimandipsetsa mtima. Ukalemba pa intaneti mawu akuti opioid, lomwe ndi dzina la gulu lonse la mankhwala ngati morphine ndi heroin, zomwe zimabwera ndi za ku America zokhazokha: mapiritsi a OxyContin omwe kampani ya Purdue Pharma inayamba kugulitsa mu 1996 ikunyengerera madokotala kuti sabweretsa chibaba kwenikweni, mlandu womwe inauvomera kukhoti mu 2007, kenako fentanyl, wamphamvu kuposa morphine maulendo 50 mpaka 100, ndi anthu oposa 100,000 omwe anafa ndi mankhwala osokoneza bongo m'chaka cha 2021 chokha. Zonsezo n'zoona ndipo n'zomvetsa chisoni. Koma ife vuto lathu lalikulu ndi lotembenuza. Kafukufuku wa magazini ya zachipatala ya The Lancet wa mu 2017 anapeza kuti theka losauka la anthu a padziko lapansi limalandira pafupifupi gawo limodzi lokha mwa magawo 100 a mankhwala a ululu a gulu la morphine. Iwo akumira, ife tikufa ludzu, koma mantha awo ndi amene timawerenga n'kumanjenjemera nawo. Ine ndinawerenga, ndipo anawawidwa ndi amayi.

Mu Disembala mlongo wanga anabwera. Tinasonkha ndalama ya basi, anadzera pa Mwanza, n'kufika ndi kachikwama kamodzi. Ndinamudutsa pa siteji osamuzindikira. Amayi anamugwira kumaso ndi manja onse awiri, osafunsa kanthu.

Tsiku loyamba anadya pang'ono. Lachiwiri anayamba kuyasamula kosalekeza, mamina ndi misozi kumangotuluka, thupi lonse tsembwe dzuwa likuswa mtengo. Usiku anali ulendo wa kuchimbudzi, kusanza, miyendo kumangopalasa pamphasa ngati akupalasa njinga. Azakhali anati ndi malungo. Ine ndinadziwa. Ndinadziwanso kuti waliona botolo, chifukwa pa 6 koloko ndikuyeza mankhwala maso ake anali pa sirinji, ndipo titaphana maso anayang'ana pansi. Madzulo omwewo ndinagula loko pagolosale, ndinakhoma kabati, kiyi n'kumumanga pansonga ya chitenje chomwe ndinkagona nacho.

Usiku wachitatu ndinamva amayi akundiitana motsitsa mawu. Ndinaganiza kuti ululu wadzuka. Ayi. Kuseri kwa nyumba kunkamveka kubuula.

"Ukumumva mlongo wako?"

"Ndikumumva, amayi."

"Kamupatseko anga aja. Ine lero ndipirira."

Ndinakhala pansi pambali pawo. Ndinawauza kuti sindingathe, kuti mankhwalawo anayezedwa a iwo, kuti ndikamupatsa lero mawa adzafunanso, ndipo botolo likatha msanga kuchipatala sadzatikhulupiriranso. Anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anati, "Ndiye tenga madzi ofunda ukamusisite miyendo." Ndinapita. Anali atakhala tsonga pamwala wochapira, akunjenjemera. Ndikumusisita anati, "Asisi, kiyi uja musamuike poti ndimuone." Ndi mawu okhawo omwe tinalankhulana pa nkhaniyi chaka chimenecho.

Patatha sabata thupi linakhazikika. Anayamba kudya, analimira amayi ndime ya chimanga, ndipo tonse tinati wachira. Sitinadziwe kuti kupirira sabata ija ndi gawo laling'ono, kuti chibaba chimakhala m'mutu miyezi ndi zaka thupi litaleka kale kuvuta. Sitinadziwenso kuti nthawi yoopsa kwambiri ndi yomweyo, chifukwa thupi limakhala litaiwala mankhwala, ndiye munthu akabwerera pa mlingo wake wakale kupuma kumatha kuima. Mu Januwale anabwerera ku Pretoria. Pofika Febuluwale foni inali itagulitsidwa.

Amayi anamwalira mu Epulo 2020, m'bandakucha, ali mtulo. Dzulo lake madzulo anali ataimika chala chimodzi. Malire a South Africa anali atatsekedwa chifukwa cha Covid-19, kotero mzime wawo sanaponye dothi. Maliro atatha ndinabweza botolo lotsala kuchipatala monga anandiuzira. Anesi anayeza zotsalazo n'kulemba m'kaundula wawo wamkulu, momwe dontho lililonse la mankhwalawa limalembedwa.

Chakumapeto kwa 2021 mlongo wanga anandiimbira pa nambala yachilendo. Mawu ake anali omveka bwino. Anati mnzake wina anamwalira ali pambali pake, ndipo sabata yotsatira anapita kukachipatala kena komweko n'kuyamba kumwa methadone. Ndinafunsa kuti ndi chiyani. Anati ndi mankhwala amadzi, amamwa kamodzi m'mawa pamaso pa anesi. Ndinafunsa ngati ali a gulu lomwe lija. Anati eya.

Mukanandimva. Ndinamuuza kuti wangosintha mowa n'kuthira m'chikho china, kuti mwamuna amasiya n'kusiyiratu, kuti anapirira sabata kwathu kuno ndipo angapirirenso. Anandisiya ndilankhule. Kenako anati, "Asisi, ndasiyapo kasanu ndi kawiri. Ulendo uno ndikufuna ndikhale moyo." Nditadula foni ndinazindikira kuti mawu omwe ndinalankhulawo anali a azakhali kuseri kwa nkhokwe, angosintha pakamwa.

Ndinabwereranso kukawerenga, ulendo uno mpaka kumapeto. Heroin amakwera msanga n'kutsika msanga, kotero munthu amakhala tsiku lonse akuthamangitsa ndalama ya kasuta kotsatira thupi lisanayambe kuphwanya. Methadone amalowa pang'onopang'ono n'kukhala m'thupi tsiku lathunthu. Akapezeka mlingo woyenera munthu saledzera, sadwala, chibaba chimazizira, ndipo amatha kudzuka n'kupita kuntchito. Njira imeneyi si yatsopano: madokotala awiri a ku New York, Vincent Dole ndi Marie Nyswander, anaiyamba m'zaka za m'ma 1960. Mu 2005 WHO inaika methadone ndi mnzake buprenorphine pamndandanda wa mankhwala ofunikira omwe dziko lililonse liyenera kukhala nawo, ndipo kafukufuku wa m'mayiko ambiri waonetsa kuti amene ali pa mankhwalawa chiopsezo chawo cha imfa chimatsika ndi theka kapena kuposa. Anansi athu a ku Tanzania anatsegula kiliniki yotere pachipatala cha Muhimbili ku Dar es Salaam mu 2011. Methadone naye ndi woopsa akamwedwa mwachisawawa kapena pamodzi ndi mowa, ndiye chifukwa chake amayamba ndi mlingo wochepa ndi kumwera pamaso pa achipatala. Palinso naloxone, mankhwala odzutsa munthu amene kupuma kwayamba kuima chifukwa cha heroin kapena anzake. Mlongo wanga akuti akanakhala nawo m'thumba tsiku lija, mwina mnzakeyo akanakhalapo.

Pano watha zaka zingapo akumwa. Anabwerera pa ganyu yake ya magalimoto, ananenepa, ndipo mwezi ndi mwezi amatumiza kenakake ka sukulu ya mwana wanga. Anaterereka kamodzi, anandiuza yekha, n'kubwereranso kukiliniki m'mawa mwake. Ndinamufunsapo kuti adzasiya liti. Anati iye ndi adokotala ake adzaona, ndipo sindinafunsenso.

Chomwe chikutivuta tsopano ndi chiliza cha amayi. Achimwene akulu akufuna tikachivundukule mu Seputembala, anthu atakolola. Mlongo wanga akufuna kubwera, koma ulendo wa basi kupita ndi kubwerera pamodzi ndi mwambo ndi masiku osachepera khumi, ndipo kumudzi kwathu kulibe komwe angakamwere mankhwala ake m'mawa. Akukambirana ndi akukiliniki kuti amupatse oti anyamule, ndi kalata yoonetsa pa Beitbridge ndi pa Mwanza. Dzana anandiimbira kufunsa ngati kabati ija ikadalipo. Ndinati ilipo, ndi loko yemwe. Anati akafika adzandipatsa mabotolo ake ndisunge ine, ndizimuyezera m'mawa uliwonse. Simenti tagula matumba anayi, atsala awiri.